Mlamu Wanga Satuco ndi Mzere wa Pachipatala

Mlamu wanga Saturnino Challapa, amene ku Oruro kuno tonse timangomutchula kuti Satuco, anakulira pageti la chipatala. Bambo ake ankagwira ntchito mumgodi ku Huanuni, ndipo fumbi litawadya mapapo anasiya ana awiri: a Benigna, amene tsopano ndi akazi anga, panthawiyo atangotha kumene msinkhu, ndi Satuco, kamnyamata ka mamina kosatha n'kumanga zingwe za nsapato komwe. Mayi awo nawo sanakhalitse. Ndiye a Benigna anamanga katundu, kugwira mlongo wawoyo padzanja, ulendo wa m'tauni. Anabwereka mbaula ndi mapoto awiri n'kuyamba kugulitsa api, phala lathu lija lamadzimadzi la chimanga chofiirira, ndi mapasiteli, mandasi athu aja, otentha, kwa anthu oima pamzere wa kuchipatala.

Mzere umenewo aliyense wa kuno amaudziwa. Munthu ukafuna kuonana ndi dokotala unkayenera kulawirira tambala asanalire, kukaima kukhoma la chipatala kudikira kuti zenera litsegulidwe upatsidwe nambala. Manambalawo ankakhala ochepa. Akatha, zenera linkatsekedwa, otsala nonse mubwerenso mawa. Mu Juni, chisanu chikamaumitsa madzi m'ndowa, anthu ankabwera atadzikulunga mabulangete awiriawiri, ndipo chinthu chokha chotentha pamsewu wonsewo chinali poto wa a Benigna.

Inenso ndinawadziwira pomwepo. Ndine woimba lipenga, dzina langa ndine Casimiro, ndipo chaka china dzino linanditupitsa tsaya chikondwerero cha Kanivalo chili pafupi. Nambala sindinaipeze, koma mkazi ndinamupeza. Anandiyang'ana tsayalo n'kunena kuti, "Bambo inu, mwabisa mbatata m'kamwamo?" Kuyambira tsiku limenelo ndinkabwera pamzerepo ngakhale ndili bwinobwino.

Poto ameneyo ndiye anaphunzitsa Satuco. Anamaliza sekondale, anapita kukoleji kukaphunzira za kayendetsedwe ka ntchito, n'kudzalembedwa pachipatala chomwecho ngati kalaliki wa kosungira katundu. Anali munthu wosapupuluma, woyankhula motsitsa mawu, wokonda kufunsa kuti "chifukwa chiyani" mpaka anzake kutopa naye. Anakwera pang'onopang'ono, nawonjezera digiri ina pophunzira madzulo, mpaka anakhala mkulu woyendetsa chipatalacho: malipiro a antchito, mafuta a ambulansi, chakudya cha odwala, mabedi, mapaipi, zonsezo zinali pamutu pake. M'mawa uliwonse asanalowe ankaima pa a Benigna kumwa kapu yake ya api, iwo akumukalipira pamaso pa anthu.

"Iwe, khosi lili pamtunda chonchi, mpango ndinakulukira uja uli kuti? Ubwana sufunditsa munthu."

"Ndaiwala, achemwali."

"Mutu wakowo udzauiwalanso tsiku lina."

Iye akalowa mkati, a Benigna ankatembenukira kwa makasitomala awo n'kunena monyada kuti, "Mwamuona ameneyo? Makiyi onse a mkatimo amasunga ndi iyeyo. Ndinamulera ndine."

Chimene chinasintha zinthu chinali imfa ya mkulu wina dzina lake Nemesio, yemwe nayenso anapuma ntchito ya mumgodi ndi chifuwa chosatha. Anali atabwerera masiku angapo osapeza nambala. Tsikulo anafika molawirira kuposa onse, nagula api, nakhala pansi atatsamira khoma. Zenera litatsegulidwa mzere unayamba kuyenda, iye osadzuka. Anthu ankangomulambalala poganiza kuti wagona. A Benigna ndi amene anapita kukatenga kapu yawo n'kupeza kuti munthu wazizira kale, kapu ili m'manja.

Satuco anafika mtembo ukunyamulidwa. Tsiku limenelo api sanamwe. Anakakumana ndi akuluakulu a madokotala n'kuwauza kuti mzerewu uthe, tipeze njira ina. Iwo anamuyankha mwaulemu ndithu kuti mzere unalipo iye asanabadwe, zipatala zonse zili chimodzimodzi, komanso munthu wa muofesi alibe umboni woti mzere ndi umene ukupha anthu, poti mkuluyo anali wodwala kale.

Lamlungu lotsatira tikudya nkhomaliro kwathu, iye atabwera ndi mkazi wake Delfina, amene ndi mphunzitsi wa pulayimale, anaika supuni pansi n'kunena kuti walembetsa kuyunivesite ina ku Cochabamba, akufuna digiri yapamwamba ija imene munthu akaipata amatchedwa Dokotala. Yakeyo inali ya kayendetsedwe ka ntchito za umoyo. Apa n'kuti imvi zitayamba kale kumera m'mbali mwa makutu.

"Alamu," ndinatero ine, "ndiye kuti mano anga apulumuka? Muzidzandizula kwaulere?"

"Dzino sindidzaligwira, alamu. Ngakhale jakisoni sindidzabaya."

"Nanga dokotala wake wa chiyani ameneyo? Dokotala wa makiyi?"

"Muzitero kumene. Koma ndikadzalankhula pamsonkhano, asadzandiuzenso kuti ndilibe umboni. Komanso," anaweramitsa mutu ngati wachita manyazi, "ndakhala ndikuifuna kuyambira kale. Ndimangoopa kunena."

A Benigna anaombera m'manja. "Dokotala Challapa! Bambo akanamva zimenezi akanatsokomola mpaka kugwa pampando. Pita, mwanawe. Casimiro, siyani kumuseka, inu munalekezera pati sukulu?" Sabata yomweyo anayamba kumulukira juzi yokhuthala yoti azivala m'basi.

Maphunzirowo sanali masewera. Mwezi ndi mwezi ankakwera basi ya m'bandakucha kutsika mapiri kupita ku Cochabamba, kukakhala m'kalasi Lachisanu ndi Loweruka, Lolemba ali kale pantchito. Anzake a m'kalasi anali achinyamata odziwa makompyuta, ndipo ankamutchula kuti malume. Mabuku ambiri anali m'Chingerezi, chimene iye ankachidziwa mwa apo ndi apo, moti tsamba limodzi linkamudyera madzulo onse, chala chili pamzere, dikishonale ili pambali. Phunziro la masamu a kafukufuku analephera ulendo woyamba. Anabwera kwathu nkhope itagwa, ine n'kumuuza kuti nanenso nyimbo yoyamba imene ndinaimba pagulu agalu a m'dera lonse anandiyankha. Anaseka, nakabwereza, nakhoza.

Womuyang'anira pa kafukufuku wake anali mayi wina wamfupi, wa mawu akuthwa, Dokotala Iriarte. Satuco atamupatsa zimene analemba koyamba zokhudza mzere uja, mayiyo anawerenga masamba ochepa n'kumubwezera.

"Bambo Challapa, awa ndi madandaulo. Madandaulo ndili nawo anga kunyumba. Anthu amene abwerera opanda nambala aja amapita kuti? Amabweranso? Amachira? Mukudziwa?"

"Sindikudziwa, mayi."

"Ndiye pitani mukadziwe."

Kuyambira pamenepo Satuco anabwerera pageti pomwe anakulira. M'mawa uliwonse zenera likatsekedwa, iye ankaima panjira kufunsa obwererawo kumene achokera, chimene chikuwavuta, ndiponso ngati angamulole kudzawayendera. Anthu ankamukayikira, munthu wa tayi kufunsa mafunso kunja kukuzizira. Amene anamuthandiza ndi a Benigna. Anamupatsa kampando pafupi ndi mbaula, ndipo ankaitana anthu okha: "Mayi inu a mwana kumbuyo, bwerani muyankhe mafunso a mlongo wangayu, ndi za sukulu, saluma ayi. Ndikuwonjezerani api."

Masiku opuma ankakwera minibasi kutsatira anthu aja kumidzi, ku Challapata, ku Caracollo, ngakhale kutali kumene msewu umathera m'mchenga. Kangapo ndinamuperekeza. Ena tinkawapeza ali bwino, ena atagula mankhwala pamsika n'kumangopirira. Ena tinkapeza achibale atavala zakuda. Zimene anapeza zinali zakuti amene mzere unkawataya kwambiri anali okalamba, amayi a ana aang'ono, ndi ochokera kutali, kutanthauza anthu omwe ankafunikira dokotala kuposa onse. Pobwerera m'minibasi ankangotafuna masamba a koka, aja timatafuna kuno pochotsa kutopa, akuyang'ana pawindo.

Patatha zaka ziwiri anali ndi umboni wake, ndipo akuluakulu anamulola kuyesa njira yatsopano pachipatala pathupo. Munthu aziimba foni, kapena azilembetsa kudzera kwa namwino wa pachipatala chaching'ono cha kwawo, n'kuuzidwa tsiku ndi ola lobwera. Odwala azifika mosinthana tsiku lonse, dzuwa litatuluka. Wodwala mwadzidzidzi azilowa osafunsidwa nambala.

A Benigna ankamva zonsezi patebulo n'kumagwedeza mutu mokondwa. Ndikhulupirira kuti sanaganize bwino tanthauzo lake. Nayenso Satuco, ndi nzeru zake zonsezo, sanaganizepo.

Mzere unatha ngati madzi olowa mumchenga. Sabata yoyamba unafupika, yachitatu kukhoma kuja kunali agalu okha. A Benigna anayamba kubwerera kunyumba mapoto ali odzaza. Tinamwa api m'mawa, masana ndi madzulo mpaka milomo yanga inasanduka yofiirira. Odwala amene ankabwera masana ankabwera atadya kale kwawo, ankalowa, n'kutuluka, osaima. Ndipo sanali a Benigna okha. Pageti paja panali amayi ambiri, ogulitsa tiyi, masangweji, mabulangete obwereketsa, timipando, ndipo onsewo anali ndi bungwe lawo limene mlembi wake anali a Benigna omwewo.

Lamlungu lina Satuco atabwera, a Benigna sanamulandire n'chakudya.

"Iwe, mafunso ako aja ankapita kumeneku?"

"Achemwali, anthu sakuzizidwanso. Okalamba akuonana ndi dokotala."

"Ndakufunsa za okalamba ine? Mayi Justa ali ndi ana anayi, mwamuna alibe. Unawafunsa iwo mafunso? Ine ndinakupatsa mpando, ndikukuitanira anthu ngati chitsiru, iwe ukukumba pansi pa mbaula yanga!"

"Sindinaganize..."

"Sukulu yonseyo osaganiza? Nsapato zako zoyamba zinachokera pamzere umenewo. Mabuku ako, tayi wakoyo, zonse."

"Ndikudziwa, achemwali. Koma mzerewo sungabwerere."

Ananena motsitsa mawu monga mwa nthawi zonse, koma sanaphethire. A Benigna analowa kuchipinda n'kumenyetsa chitseko.

Kuno kwathu anthu akakwiya amatseka msewu. Amayi a bungwe aja anagwirizana zokakhala pansi pageti la chipatala ndi mapoto awo opanda kanthu, ndipo chionetsero chopanda malipenga kuno sichionetsero. A Benigna anandiyang'ana.

"Mawa mubwere ndi anzanu aja."

"Mayi, ameneyo ndi mlamu wanga."

"Ine ndine ndani wanu? Mumagona kwa Satuco inu?"

Ndinapita. Ndinaimba lipenga kutsutsa mlamu wanga, ndipo ndivomere kuti tinaimba bwino. Amayi ankamenya mapoto ndi zikombe, akufuula kuti Challapa atuluke. Ambulansi yokha ndi imene ankaipatsa njira. Anzake a muofesi anamulangiza Satuco kuti aitane apolisi kapena atulukire kumbuyo, koma iye anatuluka pageti lenilenilo, yekha, atavala juzi imene anamulukira mlongo wake. Ndinatsitsa lipenga, anzanga nawonso.

"Amayi," anatero, "ambiri a inu munandinyamulapo ndili mwana. Ndinalakwa posakuganizirani, ndipo ndikupepesa pamaso pa anthu onsewa. Ndiyesetsa kupeza malo oti muzigulitsira masana mkati mwa mpandamu. Koma ndisakunamizeni. Sindingabwezeretse anthu odwala kukhoma kuja kuti inu mugulitse. Bambo Nemesio nonse munawaona."

Kenako mayi Justa anafuula kuti, "Malowo tikwanamo tonse?"

"Ayi, mayi. Simukwanamo nonse."

Ena anatukwana, ena analira. A Benigna anatola poto wawo n'kunyamuka.

Malowo anawapezadi, atalimbana ndi akuluakulu kwa miyezi: kashedi kofolera ndi malata pafupi ndi pomwe odwala amadikirira, kokwana amayi ochepa chabe. Bungwe linati a Benigna, monga mlembi komanso woyamba pageti paja, atenge malo oyamba. Iwo anakana. "Anthu adzati mlongo wake wamukondera. Apatseni mayi Justa ndi ena a ana aang'ono." Amayi ena anapita kumsika, ena anangosiya geni. A Benigna anasamutsira mbaula yawo kudepoti ya mabasi, kumene kunali kale ogulitsa ambiri ndipo mlendo sankamulandira ndi manja awiri. Pamsinkhu wawowo anayambiranso pansi.

Tsono basi ya ku Cochabamba imanyamukira padepoti pomwepo. Mwezi ndi mwezi Satuco ankafika ndi chikwama chake cha mabuku, n'kuima pa mbaula ya mlongo wake. Ine ndinkakhalapo masiku amenewo, poti ndinkawanyamulira makala. Munthu amene moyo wake wonse ankamutchula kuti iwe, tsopano ankamulankhula chonchi:

"Takulandirani, bwana. Tikupatseni chiyani?"

"Api, achemwali."

"Wamkulu kapena wamng'ono, bwana?"

Ankamupatsa kapu ndi manja awiri, mwaulemu wonse, maso ali kumbali. Ulemu umenewo unkamupweteka Satuco kuposa kutukwanidwa. Ankamwa ataima, n'kuthokoza, n'kukakwera basi. Koma sanaphonyeko mwezi, ndipo sanagulepo kwa munthu wina.

Chaka chimenecho chinamuvuta kwambiri. Madokotala ena sankafuna kukhala mpaka madzulo, poti anazolowera kumaliza odwala onse m'mawa n'kupita kuzipatala zawo. Foni yolembetsera inkafa kawirikawiri, anthu n'kumabwera kudzamukalipira muofesi. Dokotala Iriarte ankamubwezera mutu uliwonse wa buku lake la kafukufuku utadzaza inki yofiira. Delfina, munthu woleza mtima, anafika ponena kuti anakwatiwa ndi msana wa munthu, poti nkhope sankaionanso, inali ku kompyuta basi. Satuco anaonda, jekete linkangolendewera.

M'mawa wina anafika padepoti opanda chikwama.

"Takulandirani, bwana," anatero a Benigna.

"Sindikukwera basi lero, achemwali. Ndabwera kudzakuuzani kuti sukulu ija ndasiya. Ndatopa. Njira yatsopanoyo ipitirira, koma digiriyo ikhale. Yandidyera zambiri."

A Benigna anaika chikombe pansi pang'onopang'ono.

"Wati chiyani?"

"Ndasiya."

"Iwe, wapenga? Wandichotsa pageti pomwe ndakalambira, wandisiya ndikukanganirana malo ndi ana aang'ono kudepoti kuno, ndiye lero ukuti watopa? Watopa iwe? Ukufuna anthu azinena kuti Benigna anataya malo ake chifukwa cha munthu wolekezera panjira?"

"Achemwali..."

"Khala chete! Mabuku ali kuti?"

"Kunyumba."

"Casimiro, thamangani mukatenge chikwama chake, kwerani takisi. Iwe dalaivala wa ku Cochabamba, basi imeneyo isanyamuke, ukanyamuka usadzamwenso api pano! Ndipo iwe khala apa udye. Taona khosi lakelo, ngati la nkhuku yodwala."

Ndikuthamangira takisi ndinacheuka. Munthu wamkulu, woyendetsa chipatala chonse, anali atakhala pa kampando akudya pasiteli, misozi ikutsikira m'kapu, akumwetulira. Basi inadikira.

Sindinganene kuti a Benigna anavomereza kuti mlongo wawo ankalondola. Mpaka lero sanatero. Koma Lamlungu anayambanso kuphika nkhomaliro ya anthu anayi, ndipo Satuco anawonjezera mutu wina m'buku lake wonena za anthu amene ankapeza chakudya chawo pamzere, zimene zinawachitikira, ndi zimene woyendetsa chipatala ayenera kuchita asanasinthe zinthu. Anayendera amayi onse aja mmodzimmodzi, ngakhale amene anamutsekera chitseko. Dokotala Iriarte atawerenga mutu umenewo akuti anangoti, "Uwu wokha sindiugwira."

Tsiku loti akateteze kafukufuku wake pamaso pa aphunzitsi linafika patatha zaka zisanu chiyambireni. Tinapita tonse ku Cochabamba. A Benigna anavala siketi yawo yatsopano yotambalala, shawelo ya silika yofunda m'mapewa ndi chipewa chimene amasungira maukwati. Kutentha kwa kumeneko kunawavutitsa, koma shawelo sanavule. Ine ndinatenga anzanga a malipenga ndi ng'oma, Satuco osadziwa, n'kuwabisa kuseri kwa mpanda.

M'chipindamo munali tebulo lalitali, aphunzitsi atakhala ngati oweruza milandu. Satuco anaima kutsogolo ndi suti imene anakwatira nayo. Atayamba kunena za anthu a kumidzi aja anawongoka. Anasonyeza kuti chiyambire njira yatsopano okalamba ndi ochokera kutali amene akuonana ndi dokotala achuluka, ndipo obwera matenda atakula kale achepa. Sanabise zimene zinakanika. Zambiri za masamuzo ine sindinazimve, koma ndinkaona aphunzitsi akulemba.

Kenako mafunso. Anamupanikiza ndithu, makamaka bambo wina wa ndevu amene ankaoneka kuti sanadye m'mawa. A Benigna anandinong'oneza kuti, "Ameneyu akapitiriza ndimuponyera nsapato." Ndinawagwira dzanja. Pomaliza wandevuyo anafunsa kuti, "Bambo Challapa, mukanati muyambirenso, mukanasintha chiyani?"

Satuco anayankha kuti, "Ndikanayamba ndi kukhala pansi ndi amayi a pageti, bwana, ndisanagwire china chilichonse. Mzere ndikanauthetsabe. Koma anthu amene anandilera sakanamvera pa mapoto odzaza kuti ntchito yawo yatha."

A Benigna anayang'ana kudenga, akupukuta mphuno ngati muli fumbi.

Anatitulutsa kuti akambirane. Titabwereramo onse anaimirira, ndipo Dokotala Iriarte anawerenga kuti wakhoza, nagwira dzanja la mlamu wanga n'kunena kuti, "Zikomo, Dokotala Challapa." Delfina analira mokweza. Ine ndinathamangira panja kukaimba mluzu woitana anzanga aja.

Mmene ankatuluka pakhomo, malipenga anaphulika. Ophunzira anatuluka m'makalasi, alonda anabwera kudzatiletsa koma mmodzi anayamba kuvina. A Benigna anatulutsa thumba la timapepala tamitundumitundu tija timathira munthu pamutu pa chisangalalo, n'kumukhuthulira lonse, kumupaka m'tsitsi ndi manja awo mpaka imvi zonse zinabisika. Kenako anamugwira makutu onse awiri ngati kamwana.

"Dokotala," anatero. Anabwerezanso, ngati akulawa. "Dokotala Challapa. Mwana wa mumgodi." Anatembenukira kwa wandevu uja amene ankadutsa. "Bambo inu, mwamuvutitsa kwambiri mwanayu. Bwerani mudzadye."

Anabweradi, ndipo anadya kuposa tonse.

Phwando lenileni linachitikira kwathu ku Oruro Loweruka lotsatira. Tinapha nkhosa, tinathira mowa pansi kuthokoza nthaka, anthu anadzaza bwalo mpaka mumsewu. Mayi Justa anabwera ndi ana awo, ndipo amayi ena amene anali asanamukhululukire anabwera kudzadya osamupatsa moni, zimene kwathu kuno ndi chiyambi chabwino. Vuto linali lakuti mbiri inali itafala kuti kwa a Challapa kwatuluka dokotala. Azakhali ena a kumudzi anamukokera pakona n'kumuvulira nsapato kuti aone chala chotupa. Mnzanga woimba ng'oma ankafuna mankhwala a msana. Satuco ankafotokoza moleza mtima kuti iye si dokotala wa zimenezo, koma azakhaliwo anakwiya. "Waphunzira zaka zonsezi osadziwa chala? Ana a masiku ano!" Mapeto ake anatulutsa foni n'kuwalembetsa tsiku lokaonana ndi dokotala weniweni, iwo n'kumapita akung'ung'udza kuti mwina chaka chamawa adzakhala atadziwako.

Lolemba m'mawa kunazizira koopsa, ndipo paipi yaikulu ya madzi pachipatala inaphulika. Ine ndinkadutsa pamenepo popita kokonzetsa lipenga, ndinamva phokoso n'kusuzumira. Madzi anali ponseponse m'khonde la kuchipinda cha amayi oyembekezera. Mlamu wanga anali pakati pa madziwo, atapinda buluku mpaka m'mawondo, nsapato zili m'khosi, foni ili pakhutu akukalipira okonza mapaipi, dzanja lina atanyamula ndowa. Namwino wina wachitsikana anatulukira pakhomo n'kufuula kuti, "Dokotala Challapa, ndowa ina kuno!"

Iye anacheuka uku ndi uku kufuna dokotala amene akuitanidwayo. Kenako anazindikira, naseka yekha, n'kuthamanga nayo ndowa ija. Atandiona pageti anakuwa kuti, "Alamu, mwaima chiyani pamenepo? Ikani lipengalo pansi, tengani chokolopera!"

Ndinaliika pansi n'kuvula nsapato.